Ulendo Wokakwera Sikelo ku Adelaide

Anthu anzeru akamayenda ulendo wa masiku atatu pa galimoto amakhala kuti akupita kumaliro kapena kukakwatira. Ine ndinadutsa theka la Australia, mliri uli pakati, kuti mlamu wanga Dalitso akakwere sikelo.

Dalitso ndi mchimwene wake wa mkazi wanga Tiyamike. Amachita masewera ogwetsana aja amati Greco-Roman, m'gulu la zimphona. Ngati simunawaonepo musadandaule, muli ambiri. Amuna awiri ovala tizovala tothina amagwirana kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba, n'kumakankhana mpaka wina atanyamula mnzake n'kumugoneka chagada. Kugwira mwendo n'koletsedwa. Kupinga ndale, kumene tonse tinaphunzira kudambo poweta ng'ombe, n'koletsedwanso. Ndiye kuti luso lonse limene Mmalawi amabadwa nalo analichotsamo.

Ku Perth kuno anabwera ali mnyamata, kudzaphunzira kukonza mafiriji. Kochi wina wachikulire wa ku Bulgaria anamuona akutsitsa firiji yekha pa masitepe, basi n'kumulondola mpaka kunyumba. Atapeza unzika anayamba kuvala yunifolomu ya dziko lino n'kumakwera ndege. Ku zilumba za m'nyanja ya Pacific ankabwerako ndi mamendulo, ndipo tinasiya kufunsa kuti zimphona zinalipo zingati, chifukwa tsiku lina Tiyamike atafunsa anauzidwa kuti zitatu, koma wina anatsegula m'mimba. Ku Turkey ndi ku Kazakhstan inali nkhani ina. Kumeneko ana amayamba kugwetsana asanasiye kuyamwa. Mlamu wanga ankauluka masiku awiri, kukagwirana chanza ndi munthu, kuona denga, n'kuulukanso masiku awiri kubwerera kuntchito ku Welshpool. Madenga a maholo a mayiko ambiri amawadziwa bwino. Komabe pa ukwati uliwonse ndine ndinkayambirira kuloza kuti uyo ndi mlamu wanga, ndipo ndinkanena monyadira.

Mliri utafika, majimu anatseka, mipikisano inaima, ndipo boma lathu la kumadzulo kuno linatseka malire moti ngakhale ntchentche inkafunika chiphaso. Nthawi imeneyo n'kuti apongozi anga, aNambewe, atabwera kuchokera ku Dedza kudzathandiza Tiyamike atabereka mwana wachiwiri. Anabwera kudzakhala miyezi itatu. Ndege zitaima, miyezi itatu ija inaswana. Munthu wozolowera khasu sangakhale pa sofa, choncho anatipula kapinga yense kuseri kwa nyumba yathu ku Ellenbrook n'kudzala tomato, nkhaka, tsabola ndi maungu. Dalitso, pokhala wosakwatira, ankadya kwathu. Zotsatira zake simufunika kuchita kuuzidwa.

Anthu amaganiza kuti chimphona chingalemere mmene chingafunire. Ayi. Ukapitirira makilogalamu 130, ngakhale ndi kadontho, sukusewera. Uthenga utabwera kuti ku Adelaide kuchitika mpikisano wosankha amene adzapite kunja malire akadzatseguka, mlamu wanga anali atapitirira bwinobwino. Kochi anamuuza mosapsatira kuti pa msinkhu wakewo, umenewu unali mwayi womaliza. Akaphonya, akakalambire ku mafiriji. Anadzimana masabata angapo mpaka kunatsala makilo awiri oti akathere panjira.

Ndege inalephereka kawiri. Kachitatu kochi anati asaidalirenso, komanso munthu mmodzi akangotsokomola m'ndegemo, onse akatsekeredwa mu hotela mpikisano n'kudutsa. Ayende pansi. Ine ndimayendetsa fokolifiti ku Kewdale, kupakira katundu m'malole opita kum'mawa, ndiye banja linagamula kuti msewu ndikuudziwa. Ndinkaudziwa ngati mmene wogulitsa matikiti pa depoti amadziwira Joni.

Kenako apongozi anati nawonso akupita.

"Zaka zonsezi ndimangomva kuti mwana wanga amagwirana ndi azungu," anatero. "Ndikaone ndi maso anga ndisanafe."

Ine ndinakulira ku Ntchisi, kumene mkamwini sadya pamaso pa apongozi, sawayang'ana m'maso, ndipo akawaona panjira amapatuka. Kunyumba tinali titapeza njira: iwo ankadyera kukhitchini, ine pabalaza, mawu n'kumadutsira mwa Tiyamike. Koma Tiyamike ankatsala ndi ana. M'galimoto mulibe kopatukira.

Tinapangana kunyamuka mbandakucha. Mbandakuchawo unatipeza tikudikira amayi a kutchalitchi, amene anabwera atavala mamasiki kudzatipempherera ataima patali. Aliyense anabwera ndi kamba. Amayi busa anabweretsa ndowa ya mapeyala a mumtengo mwawo, wina mkoko wa nthochi, wina magwafa. Apongozi anathyola tomato ndi nkhaka zonse za m'munda, kuwonjezera pa nkhuku yokazinga, mazira owiritsa, mandasi ndi mtedza. Kamba yenseyu anali wa munthu amene sankadya. Pemphero linayambira pa chiwongolero, linadutsa pa tayala lililonse, n'kukathera kwa atsogoleri a mayiko onse awiri. Tinatuluka mu Ellenbrook dzuwa litakwera.

Dalitso anakhala kutsogolo, mpando ataukankhira mpaka kumapeto. Mkati anavala mapepala akuda otayira zinyalala, ataboola potulukira mutu, pamwamba majuzi awiri ndi chipewa chaubweya. Anatsegula hita mpaka pomalizira, kutseka mawindo, n'kuyamba kutafuna chingamu ndi kulavulira m'botolo. Akuti ndi sayansi. Apongozi anakhala kumbuyo kwanga, dengu pamiyendo.

Tisanafike ku Northam dzira linali litasendedwa kale.

"Dalitso, landira."

"Ayi Amayi, ndakhuta."

"Wakhuta chiyani? Mphepo yotenthayi?"

"Ndili pa dayeti, Amayi. Ndinakuuzani za sikelo."

"Sikelo n'ja fodya. Iwe ndiwe belo?"

Dziralo linabwerera m'dengu. Ku Merredin kunatuluka mwendo wa nkhuku, nawonso unabwerera. Ine fungo la nkhukuyo linkandipotokola m'matumbo, koma ndikanayamba bwanji kutafuna apongozi akundiona pa kalilole? Iwo pozindikira ankati, "Dalitso, uwapatse bambo a Chisomo," ndiye ine ndinkalandira, kuthokoza kudzera mwa Dalitso yemweyo, kuyenda pang'ono, n'kunena kuti ndikumva ngati tayala lakumbuyo likuphwa. Ndinkakadyera kuseri kwa galimoto nditanjuta. Pofika ku Southern Cross palibe galimoto m'dziko lino imene matayala ake anayenderedwa ngati yanga.

Paliponse pothira petulo mlamu wanga ankavula, kutsala ndi kabudula, n'kukwera kasikelo ka kubafa kamene tinanyamula. Pa miyala kankanena zina, pa mchenga zina. Ku Coolgardie dalaivala wina wa lole, wandevu mpaka pachifuwa, anaima n'kumuonerera kwa kanthawi. Kenako anamuuza mwaulemu kuti kutsogoloko kuli sikelo ya malole, ngati kameneko kakuvutika. Dalitso sanaseke. Munthu wanjala nthabwala samva.

Ku Norseman tinapeza zipinda ziwiri zokha. Apongozi chawo, ife chathu, bedi limodzi. Za usiku umenewo ndingonena kuti ndinadzuka theka la thupi lili pansi, ndipo ndinamvetsa chifukwa chake mlamu wanga sanakwatirebe.

Kuchoka pamenepo msewu umaloza kum'mawa n'kuiwala kukhota. Za malo okongola musandifunse. Kumanzere tchire louma, kumanja tchire louma, kutsogolo nyama zakufa ndi akhwangwala. Apongozi anayang'ana pawindo theka la tsiku, kenako anafunsa Dalitso kuti malo onsewa akusungira ndani, pamene ku Dedza anthu akutengerana kukhoti chifukwa cha mzere umodzi wa mbatatesi.

Titadutsa Balladonia, tayala lakumbuyo lija, limene ndinalinamizira ulendo wonse, linaphulikadi. Bodza likachuluka limadzaitana mwini wake. Jeke inkangomira mumchenga. Dalitso anavula majuzi, kugwira galimoto m'mbali, n'kuinyamula kuti ine ndilowetse mwala pansi pa jekeyo. Zinatheka, koma atasiya anadzandira n'kukhala pansi. Milomo inali itang'ambika, maso atalowa mkati. Apongozi anamuyandikira, n'kumugwira pa mafupa a m'khosi amene anali atayamba kuoneka.

Titayambanso kuyenda, mawu anachokera kumbuyo, otsika.

"Limbani nayenso ankati wakhuta."

Limbani anali mwana wawo woyamba. Ine sindinamuone. Anamwalira zaka zija matenda ena aja ankakolola anthu kumudzi mankhwala asanabwere, ndipo Tiyamike anandiuzapo kuti chinayamba ndi kukana chakudya. Ngakhale botolo lolavulira lija linapuma.

Dalaivala aliyense wa ku Kewdale adzakuuzani kuti msewu umenewu suyendedwa wopanda tayala lapadera, choncho ku Caiguna tinaima kuti tipeze lina. Mwini malo anati la saizi yathu libwera ndi lole ina, posachedwapa. Ndinaphunzira kuti posachedwapa wa kuchipululu ndi pachibale ndi "ndili panjira" wa kwathu. Tinadikira masana onse, tinagona, tinadikiranso m'mawa. Ntchentche zinatilandira ngati abale otayika. Apongozi anafunsa mtengo wa botolo la madzi m'makwacha, ndipo Dalitso anawanamiza powopa kuti angasiye kumwa. Atatopa kukhala, anathyola tinthambi n'kusesa bwalo lonse la malowo, mwini wake akuyang'ana pawindo osadziwa ngati athokoze kapena aitane apolisi. Mlamu wanga ankazungulira matanki a petulo atavala mapepala ake, akuthamanga ngati ng'ombe yokoka ngolo yodzaza. Tayala linafika, koma tsiku lathu lapadera, limene tinasungira kuti akapume ku Adelaide, linathera pamenepo. Tsopano tinayenera kukafika madzulo, m'mawa mwake sikelo.

Pa malire a maboma awiriwa, kupitirira Eucla, panali apolisi a mliri. Ziphaso zathu zinali mu foni, ndipo netiweki inali itatsala ku Norseman. Ndikulimbana ndi foniyo, wapolisi wamkazi anasuzumira m'galimoto. Taganizani zimene anaona m'nyengo imeneyo: chimunthu chonyowa ndi thukuta, maso ofiira, chovala chipewa chaubweya masana, chikutsokomola chifukwa cha kukhosi kouma. Anabwerera m'mbuyo masitepe angapo n'kukonza masiki. Kachipangizo koyezera kutentha katalozedwa pachipumi pa Dalitso kanalira ngati kaona mfiti.

Anatiimika pambali. Tinafotokoza za hita, za mapepala, za sikelo. Anamukhazika pamthunzi kuti azizire amuyezenso, ndipo podikira anafunsa umboni woti ndi katswiri wa masewera. Vidiyo yokhayo imene inali mu foni yake yosafuna netiweki inali ya ku Kazakhstan. Wapolisiyo anaionera kawiri.

"Ndinu amene muli m'mwambayu?" anafunsa pa Chingerezi.

"Ndine," anayankha mlamu wanga.

Anamuyezanso, kutentha kunali kutatsika, kanetiweki kanapezeka ziphaso n'kutseguka, ndipo anatikumbutsa kuti pobwerera tikabindikira m'nyumba masabata awiri. Anamufunira zabwino zonse ndi nkhope ya munthu wopepesa maliro.

Madalaivala a kuntchito anandiuzapo kuti pa boda amalanda zipatso, ndipo ndinali nditafunditsa ndowa ndi dengu ndi chitenje. Palibe anafunsa. Titangodutsa ndinalengeza, kudzera mwa Dalitso, kuti tapulumuka, ndipo kuti kuyenda ndi munthu wodziwa msewu n'kwabwino. Apongozi anati tomato wawo analibe mlandu ndi munthu chiyambire.

M'mawa wa tsiku lomaliza, pa simenti yosalala ya pamalo pamene tinagona, kasikelo kaja kananena zimene tinkafuna. Dalitso anali pansi pa makilo 130 aja, pang'ono penipeni. Anakwera katatu kuti atsimikize. Anandikumbatira mpaka nthiti zinalira, ndipo ine ndinasangalala moona, chifukwa ndinali nditamuona mmene anavutikira. Chotsala chinali chimodzi: asadye kanthu mpaka m'mawa mwake, madzi angonyowetsa milomo.

Ndiye tinafika ku Ceduna.

Zimene madalaivala aja sanandiuze, kapena anandiuza ine ndikuganiza zina, n'zakuti wopita kum'mawa samusecha pa boda. Amamusecha ku Ceduna, atayenda kale mtunda wautali akudziyamikira. Panali chotchinga pamsewu, kanyumba, ndi mayi wina wachizungu wa yunifolomu, wansangala zake. Anafunsa ngati tanyamula zipatso kapena ndiwo zamasamba zosaphika. Ine ndinali ndikukonza bodza labwino, koma apongozi, amene Chingerezi chawo chinali chitafika pa "tomato" ndi "banana", anavundukula chitenje monyadira, kusankha tomato wamkulu, n'kumupatsira mayiyo pawindo ndi manja awiri.

Mayiyo anayamikira kuti ndi tomato wokongola. Kenako anafotokoza kuti zipatso zimanyamula tizilombo towononga minda ya kwawoko, choncho sizidutsa. Zophika zipite, zosaphika ayi. Njira zinali ziwiri: kudya pompo, kapena kutaya mu bini imene analoza.

Dalitso anamasulira. Apongozi anatsika, anapita pa bini ija, anatsegula. Munali malalanje, maapozi, mphesa, zonse zabwinobwino. Anatseka pang'onopang'ono ngati akutseka bokosi la maliro.

"Anthu awa njala sakuidziwa," anatero. "Ine ndinaphikirapo ana anga zitsa za nthochi, iwo n'kumanyambita mbale. Lero nditaye nthochi yeniyeni? Tomato woti ndathirira ndekha?"

Anayala chitenje m'mbali mwa msewu, anakhuthula zonse, anatulutsa mpeni ndi kabotolo ka mchere, n'kukhala pansi miyendo atatambasula. Muluwo unali woti munthu n'kutsegula nawo benchi pamsika wa Lizulu.

Ine ndinachita mbali yanga. Ndinatenga zimene ndikanatha, ndinapita kuseri kwa galimoto, ndinadya nthochi mpaka kumva kuti yotsatira itulukira m'mphuno. Koma ndine munthu wochepa thupi, komanso kupita ndi kubwera kuseri kwa galimoto kumadya nthawi. Akanakhala mayi anga ondibala ndikanakhala pachitenjepo n'kumenya nkhondo yooneka. Apongozi nawo mano anatsala owerengeka, gwafa limodzi linkawatengera nthawi ya ulaliki. Anapatsa mayi wa yunifolomu uja, anakana mwaulemu kuti ali pantchito. Dalaivala wa lole imene inaima pambuyo pathu analandira nthochi imodzi n'kuthawa. Mulu unali pomwepo.

Dalitso anali ataima patali, atatifulatira, manja m'chiuno.

Ndinamutsatira. "Alamu, auzeni Amayi kuti zotsalazi nditaye ine. Tchimolo likhale langa. Mulungu amvetsa."

Anapita kukanena. Apongozi anatenga peyala lakupsa bwino, analidula pakati, anachotsa nthanga, anawaza mchere, n'kulikweza ndi manja awiri.

"Dalitso, masiku onsewa ukuuma ine ndikuona. Ngati ukudwala undiuze, ndine mayi wako, ndinaonapo kale. Ngati sukudwala, landira."

"Amayi, mawa lokha. Mawa ndikangotsika pa sikelo ndidya chilichonse."

"Mawa ndinalimvapo."

Mlamu wanga anandiyang'ana. Ine, amene pakamwa sipauma, ndinayang'ana tayala. Anaima kanthawi, chimunthu chonse chija, kenako anagwada pachitenje n'kulandira ndi manja awiri.

Akanadya peyala limodzi lokhalo mwina bwenzi nkhani ili ina. Koma thupi limene lamanidwa masabata likalawa mchere silimvanso za kochi. Lachiwiri analandira osakakamizidwa. Apongozi ankasenda, kudula, kuwaza mchere, iye n'kumameza. Nthochi zinatha, magwafa anatha, tomato ankalowa wathunthu. Mcherewo unaitana ludzu, ndipo botolo lalikulu la madzi linapita lonse. Nkhope ya apongozi inkawala ndi chidutswa chilichonse, moti anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Pomaliza anakutumula chitenje, mu bini munangopita makoko. Mayi wa yunifolomu anati chiyambire ntchitoyo sanaonepo bini yake ikugonja chonchi, ndipo anatitsegulira msewu.

Titalowa m'galimoto palibe anatchula sikelo. Dalitso anangovalanso mapepala ake n'kutsegula hita. Tisanafike ku Kimba anandiuza kuti ndiime, anatsika, n'kuyamba kuthamanga m'mbali mwa msewu ine ndikumutsatira pang'onopang'ono ndi galimoto. Munthu wodzaza mapeyala sathamanga, amasamuka. Ku Port Augusta anachitanso chimodzimodzi. Apongozi anafunsa ngati galimoto yayamba kulemedwa. Adelaide tinalowa kutada, ndipo za mzindawo ndilibe chonena, chifukwa chimene ndinaona ndi bafa la pamalo ogona likutuluka nthunzi, mlamu wanga ali mkati akudziphika.

M'mawa apongozi anavala chitenje chawo cha pa Khirisimasi ndi duku latsopano. Kuholoko oonerera ankaloledwa ochepa, aliyense ndi masiki, mipando motalikirana. Anyamata a magulu ang'onoang'ono anakwera sikelo n'kumatsika akuthamangira masangweji awo. Zimphona zinalipo zitatu, monga mwa mwambo. Dalitso anakwera. Woyeza anayang'ana nambala, anayang'ana Dalitso, n'kumuuza kuti nthawi ikadalipo pang'ono, akayesere.

Anathamanga kuzungulira holo. Anapita kuchimbudzi kukachonderera. Analavula mpaka malovu anatha. Ine ndinabwereka lumo n'kumumeta mutu ndi ndevu pakhonde, ngati kuti tsitsi la Mchewa lingalemere kanthu. Anakweranso kachiwiri, kachitatu. Nambala inatsika, inatsikanso, kenako inakakamira. Chotsala sichinkafika ngakhale kulemera kwa peyala limodzi. Woyeza anayang'ana wotchi, anati pepani kwambiri, n'kulemba. Zimphona ziwiri zija zinabwera kudzamugwira paphewa ndi chisoni cha anthu amene angotsimikiza kuti aliyense apita kwawo ndi mendulo.

Tinatuluka. Anakhala pa benchi panja, anaimbira kochi, ndipo kochiyo ananena mawu ochepa m'chinenero cha kwawo amene sanafunike womasulira. Kenako anangokhala, mutu wometa mwachigamba uli m'manja. Ndinamumvera chisoni kwambiri, ndipo nthabwala zonse zimene ndinasungira tsikuli zinandithawa.

Apongozi anadikira, kenako anafunsa. "Ayamba nthawi yanji?"

Dalitso sanadzutse mutu. Panalibe wodutsiramo mawu, choncho kwa nthawi yoyamba chikwatirire ndinawayankha ndekha, maso ali pansi.

"Sasewera, Amayi. Akuti alemera kwambiri."

"Walemera?"

"Eya."

"Sikelo ya azunguyo yanena choncho?"

"Yanena choncho."

Anaomba m'manja kamodzi, mofatsa. "Zikomo Ambuye."

Apa Dalitso anadzuka. Sindinamumvepo akukweza mawu kwa mayi ake, koma tsiku limenelo anakweza.

"Mukuthokoza chiyani, Amayi? Mukudziwa chimene chachitika? Zatha! Zaka zonse zija, maulendo onse aja, zathera pa mapeyala! Sindidzapitanso kulikonse!"

Apongozi anamusiya amalize. Anachotsa masiki, anaipinda, anaiika m'chikwama.

"Ndamva. Sindine mwana, ndikudziwa kuti ndakuphera chinthu chako. Tandiuza, pa masewera akowo wopambana amakhala ndani?"

"Amene wanyamula mnzake," anayankha mokwiya.

"Pogwira pati?"

"M'chiuno. Miyendo sagwira."

Apongozi anaimirira, anamanga chitenje bwino, n'kumuyandikira. Mutu wawo unkalekeza pachifuwa pake. Anamuzinga manja m'chiuno, ngakhale manjawo sanakumane kumbuyo, anaponda mwamphamvu, n'kukoka. Anthu odutsa anaima. Anakokanso mpaka duku linasuntha. Mlamu wanga sanagwedezeke ngakhale pang'ono.

"Limbani ndinamunyamula ndekha," anatero, nkhope ili pa malaya ake. "Kumutsitsa pa ngolo, kumulowetsa m'chipatala, ndi manja omwewa. Anali wamkulu ngati iweyo, wandevu. Sindinapume n'komwe panjira." Anayesanso kukoka, mofooka tsopano. "Iwe sukunyamulika, mwana wanga."

Sanamusiye. Dalitso anaima manja ali m'mwamba ngati sakudziwa kowaika, kenako anawatsitsa pamsana pa mayi ake, ndipo mapewa aja anayamba kugwedezeka. Ine ndinapita kukayendera matayala.

Pobwerera hita tinazimitsa, mawindo tinatsegula, ndipo pa boda atatifunsa za zipatso tinayankha ndi mtima woyera. Masabata awiri obindikira aja tinathera limodzi ku Ellenbrook, mlamu wanga akutipula munda, apongozi akumulozera pamene walakwitsa. Kunja sanapitenso. Pa pepala la mpikisanowo, ngati alipo amene amawerenga mapepala otero, analemba kuti analephera pa sikelo. Sanalembe kuti womaliza kumugwira m'chiuno, motsatira malamulo onse, anali mayi wa ku Dedza wolemera ngati thumba limodzi la feteleza, amene analephera kumunyamula n'kupita kwawo akuthokoza.